Kodi Galu Wozunzidwa Aphedwe, Kapena Apatsidwe Khomo Lina?

Mwa ziweto zonse za pakhomo, galu ndiye adadziphatika kwa munthu koposa, komanso ndiye amanyozedwa koposa. Ng'ombe ili ndi mbusa wake, mbuzi ili ndi khola lake, nkhuku ikasowa banja lonse limatuluka kukaifuna. Koma galu, amene amachezera usiku kulonda zonsezi, malipiro ake kawirikawiri ndi mkute wa nsima, mwala ndi chibonga, ndipo dzina lake lomwe lidasanduka mwano wotukwanira anthu. Zimenezi anthu adazizolowera kotero kuti sazionanso. Koma nthawi zina nkhanza zimapyola muyeso: galu amamangidwa pa unyolo waufupi chaka chathunthu, amatsekeredwa m'kabokosi padzuwa kuti akhale waukali, amamanidwa chakudya ndi madzi, amathiridwa madzi otentha chifukwa choba nsomba mumphika. Pamenepo anansi amalephera kupirira, nachitapo kanthu, galuyo nachotsedwa pakhomopo.

Ambiri amayesa kuti nkhani yathera pomwepo, chonsecho mpamene yayambira. Galu wochotsedwa m'manja ankhanza sakhala monga agalu ena. Munthu akamtambasulira dzanja, iye amanjenjemera, kapena amathawira kuseri kwa nkhokwe, kapena amadzuma n'kuonetsa mano. Mbuye wake wakale akumfunabe, nati: "Ngwanga." Anansi ena akuti: "Ameneyu waonongeka, ingomuphani asanalume mwana." Enanso akuti: "Mfunireni khomo lina." Mwa mawu atatuwa, olungama ndi ati? Funsoli lioneka laling'ono, koma m'kati mwake muli chilungamo, chifundo ndi chitetezo cha ana. Ndipo mkristu amene sadziwa kuziyeza zimenezi pa nkhani ya galu, adzavutika kuziyeza pa nkhani zazikulu.

Mlandu wa ku Virginia

Funso limeneli lidafikapo pa bwalo lamilandu ku America, anthu a dziko lonselo akupenyerera. Pa 25 Epulo 2007 apolisi adalowa pamalo a Michael Vick m'dera la Surry, m'chigawo cha Virginia. Vick adali katswiri wotchuka wa mpira wa ku America, wosewera m'timu ya Atlanta Falcons, munthu wachuma chambiri. M'nkhalango ya kuseri kwa nyumba adapezamo agalu ambiri, ena ali pa maunyolo olemera omangidwa ku zitsulo za galimoto zokwiriridwa m'nthaka. Agaluwo ankawaweta kuti aziwamenyanitsa, anthu akubetcherana ndalama. Ndipo amene sankamenya bwino ankaphedwa, ena mwa kupachikidwa, ena mwa kumizidwa m'madzi. Vick adavomera mlandu wake, ndipo mu Disembala chaka chomwecho woweruza Henry Hudson, mumzinda wa Richmond, adamlamula kukhala m'ndende miyezi 23.

Mlandu wa munthu udatha motero, koma udatsala wa agalu, amene adali 51, a mtundu wotchedwa pit bull. Chizolowezi cha masiku amenewo chidali chakuti agalu olandidwa kwa omenyanitsa aziphedwa onse pamodzi mlandu ukangotha. Ngakhale mabungwe awiri aakulu oteteza nyama, PETA ndi lina lotchedwa pa nthawiyo Humane Society of the United States, adanena kuti kuwapha ndiko kudali koyenera. Sadanene zimenezi chifukwa cha kuuma mtima ayi. Maganizo awo adali akuti galu wophunzitsidwa kupha sangakhulupirikenso, ndi kuti ndalama zomsamalira zikadapulumutsa agalu ena ambiri ofatsa amene akusowa pokhala.

Koma bwalo lidasankha kuyamba laona. Mu Seputembala 2007 gulu la akatswiri, lotsogozedwa ndi bungwe la American Society for the Prevention of Cruelty to Animals, lidayesa agalu 49 amene adali akali moyo, aliyense payekha: adawayandikira, adawagwira, nawaonetsa agalu anzawo, kuti aone chimene aliyense adzachita. Mwa onsewo, mmodzi yekha ndiye adapezeka waukali wosachiritsika, naphedwa. Winanso adaphedwa chifukwa cha matenda. Otsala 47 bwalo lidawaikira mtetezi, Rebecca Huss, mphunzitsi wa malamulo, amene adawagawira ku mabungwe 8 osamalira ziweto. 22 mwa iwo, ovutika koposa, adapita kumalo a Best Friends Animal Society ku Utah. Ndalama zowasamalira, madola oposa 900,000, adalipira ndi Vick mwini.

Chimene akatswiri adapeza mwa agalu ambiri sichidali ukali, koma mantha. Ena ankangodzigwetsa pansi chafufumimba munthu akalowa, osafuna kuyenda, mpaka kuchita kuwanyamula. Sankadziwa m'kati mwa nyumba, sankadziwa kusewera. Koma m'kupita kwa miyezi ndi zaka ambiri adachira, nalandiridwa m'mabanja, ena m'mabanja okhala ndi ana ndi ziweto zina. Galu wina, Leo, ankapita naye kukachezera odwala khansa. Wina, Jonny Justice, ankakhala phee ana akumuwerengera mabuku mokweza kuti achotse manyazi. Awiri okha, Lucas ndi Meryl, bwalo lidalamula kuti akhale kumalo osungirako aja moyo wawo wonse. Mu 2009 bungwe la Humane Society lija lidasintha mfundo yake, n'kuvomera kuti galu aliyense wotere aziyesedwa payekha.

"Galu ngwanga"

Mlandu umenewu uthandiza kuyankha mawu atatu aja. Oyamba ndi a mwini galu. Iye akati chiweto nchake, popeza adachigula kapena chidabadwira pakhomo pake, sakunama. Eklezia saphunzitsa kuti galu alingana ndi munthu, ndipo saletsa munthu kuweta nyama ndi kuzigwiritsa ntchito. Koma umwini uli pawiri. Khasu n'la mwini wake kotheratu, pakuti silimva kanthu. Akalithyola dala wadzisaukitsa yekha, palibe wina walakwiridwa. Galu amamva njala, ludzu, ululu ndi mantha, ndipo moyo umene uli mwa iye sadaupange ndi mbuye wakeyo. Pa chamoyo chotere munthu sali mwini weniweni, koma woikizidwa. Ndipo aliyense adziwa kuti woikizidwa ng'ombe za mnzake akayamba kuzizunza, mwini ng'ombe amakazitenga.

N'chifukwa chake Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, adaika chiphunzitso cha nyama, pa ndime 2415 mpaka 2418, pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, lija loletsa kuba. Amaphunzitsa kuti nyama n'zolengedwa za Mulungu, kuti munthu ali ndi mangawa a kuzikomera mtima, ndi kuti wozisautsa kapena kuzipha popanda chifukwa amadzivula ulemu wa umunthu wake. Wozunza chiweto achita ngati mbala: walanda chimene adangobwerekedwa, nachiyesa chake chosafunsidwa nacho. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adapereka chifukwa china: munthu wozolowera nkhanza pa nyama sachedwa kuzitembenuzira kwa anthu anzake. Papa Francis adabwereza zomwezo m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, pokumbutsa kuti mtima umene munthu amachitira nawo nyama ndi womwewo amachitira nawo anthu.

Motero nkhanza zimathetsa ufulu wa mwini pa galu wake. Komatu lamulo lomwelo limamanganso wofuna kulanditsa. Munthu sangapite usiku kukamasula galu wa mnzake, n'kunena kuti wachita chifundo. Kutero kumabala udani pamudzi, ndipo sikuwongola kanthu, pakuti mwini uja sabata yamawa adzapeza kagalu kena n'kukamanga pa unyolo womwewo. Njira yake ndi yomwe akristu amatsata pa kulakwa kulikonse. Poyamba alankhule naye mwamseri, chifukwa ambiri amazunza mwa umbuli, atamva kuti njala ndi mdima ndizo zimakalipitsa galu wolonda. Otere auzidwe kuti mlonda wabwino ndi galu wokhuta, wodziwa a pakhomo ndi kuwasiyanitsa ndi alendo. Wanjala ndi wamantha amaluma aliyense, mwana wa mwini wake yemwe, ndipo mbala ikamponyera fupa amaitsata. Mwiniyo akakana, apiteko akulu a mpingo kapena a mudzi. Akakanabe, adziwitsidwe a mfumu, alangizi a ziweto kapena apolisi. M'Malawi muli lamulo lotchedwa Protection of Animals Act, loletsa kuzunza ziweto. Ndipo kuyambira 2008 muli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene limalandira ziweto zozunzidwa ndi kuzifunira makomo atsopano. Ku Virginia komwe agalu sadabedwe. Adalandidwa ndi lamulo, masana, mwini wake atapatsidwa mpata woyankha. Kumwetsa galu amene akufa ndi ludzu, kapena kudula chingwe chimene chamkola pakhosi, kumeneko sikudikira bwalo. Koma kusamutsa umwini kumafuna chivomerezo cha mwini kapena chigamulo cha akuluakulu.

Chifundo chidapha nkhwali

Mawu achiwiri ndi a anansi oopa, ndipo sayenera kunyozedwa. Makolo adasiya mwambi wakuti chifundo chidapha nkhwali, ija idanyamula njoka kuichotsa pamoto wa lupsa, njokayo n'kuitembenukira. Galu waukali amapundula, amapha kumene, ndipo ovulala koposa kawirikawiri ndi ana, popeza nkhope zawo zili pa msinkhu wa pakamwa pake. Moyo wa mwana mmodzi uposa wa agalu onse. Ngati tsono galu wayesedwa ndi anthu odziwa, napezeka kuti ngwoopsa, ndipo palibe malo omsungira kosaopsa anthu, kumupha mosamzunza, mwa dzanja la dokotala wa ziweto, si tchimo. N'kuteteza anthu, ndipo kwa galu wosautsidwa kosalekeza n'kupumula.

Koma mwambiwo sudzudzula chifundo chonse. Udzudzula chifundo chotsinzina. Ndipo otsinzina ali mbali ziwiri. Wotsinzina ndi iye amene atenga galu wosamdziwa n'kumuika pakati pa ana. Wotsinzinanso ndi iye amene apha galu wosamuyesa, chifukwa cha mbiri ya khomo limene wachokera kapena mbiri ya mtundu wake. Bwalo la ku Virginia lidakana kutsinzina konse kuwiri: silidamasule agalu onse, silidaphenso agalu onse.

Apa pali mfundo imene aphunzitsi a katekisimu ayenera kuigwiritsa. Galu alibe chikumbumtima, chotero alibe tchimo. Ukali wake, ngati ali nawo, ndi chipsera cha dzanja la munthu, monga chipsera cha pamsana pake. Popeza alibe tchimo, imfa yake singakhale chilango. Ingakhale chitetezo chokha. Tsono ngati wayesedwa napezeka wosaopsa, chifukwa cha chitetezo chagwa, ndipo chotsala n'chakuti kupha n'kwapafupi kuposa kulera. Chimenecho si chifukwa chimene mkristu angaime nacho. Kupha galu wotere n'kumlipiritsa mlandu wa mbuye wake, ndiko kutsiriza ntchito imene wankhanza uja adaiyamba.

Walira mvula walira matope

Mawu achitatu, akuti galu afunidwe khomo lina, ndiwo olungama nthawi zambiri. Koma ndiwonso olemera kuposa onse, pakuti kuwanena n'kwa tsiku limodzi, kuwachita n'kwa masiku onse otsala a moyo wa galuyo, mwina zaka 10 kapena kuposa.

Khomo lina si khomo lililonse, ndipo wogawa galu ali ndi udindo wosankha. Pali anthu amene akamva kuti galu ngwolusa amamfuna chifukwa chomwecho, kuti akamuike pa unyolo wina kulonda katundu. Kumpereka kwa otere n'kungosintha dzina la womzunza. Mabungwe odziwa ntchitoyi amayamba afunsa mafunso ndi kuona khomo asanapereke chiweto. Agalu a ku Utah aja sankaperekedwa asanapambane mayeso a khalidwe, ndipo banja linkayamba lasunga galu miyezi ingapo moyesera. Wogawayo anenenso zoona zonse: ngati galu adalumapo munthu, ngati amadana ndi agalu anzake, ngati amagwira nkhuku. Kubisa zimenezi kuti galu atengedwe msanga ndi bodza, ndipo mwana akadzalumidwa mlandu udzakhala pa wobisayo.

Wolandira naye ayambe wadzifunsa ngati ali ndi chakudya chokwanira banja ndi galu yemwe, ngati ali ndi mpanda kapena malo omsungira, ngati a m'nyumba mwake onse avomera. Wopanda zimenezi sachimwa pokana. Wolakwa ndi amene alandira chifukwa cha chisoni cha kanthawi, natopa pakutha pa mwezi, napereka galuyo kwa wina, winayo kwa winanso, kufikira atamtaya kumsika. Kusamuka kulikonse kumatsimikizira galu chimene nkhanza zidamphunzitsa, chakuti munthu sakhulupirika.

Ayeneranso kudziwa magwero a mantha a galuyo. Kagalu kamaphunzira kuzolowera anthu makamaka pakati pa masabata 3 ndi 12 chibadwire. Kamene kadatha nthawi imeneyo pa unyolo kapena mumdima, kamakula kakuopa zinthu wamba: tsache, chipewa, mawu okweza, dzanja lotukulidwa. Mantha otere sachoka ndi ndodo, ndodo imangowathirira. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Galuyo apatsidwe kangodya kakekake kopanda phokoso, chakudya ndi madzi pa nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo asakokedwe kuti adzasisitidwe. Adzabwera yekha akadzaona kuti dzanja ili limabweretsa nsima, osati chibonga. Akadzuma asamenyedwe, pakuti kudzuma ndilo chenjezo lake. Galu womenyedwa chifukwa cha kudzuma amaleka kuchenjeza, n'kumangoluma mwadzidzidzi. Ena amasintha m'masabata owerengeka, ena m'zaka, ena amakhala amantha kufikira imfa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wolandirayo ali ndi mangawa kwa ana ake ndi kwa anansi akenso. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu wachilendo, ndipo ana aphunzitsidwe kusamyandikira akamadya kapena akagona. Galu abayidwe katemera wa chiwewe mosazengereza, ndi kubwereza monga alangizi a ziweto anenera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka ndithu atalumidwa ndi agalu, ndipo zizindikiro zikaoneka mankhwala ochiza palibe. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Wochitira galu chifundo n'kuika mudzi pangozi, chifundo chake nchoperewera.

Potsiriza asayembekeze kuthokozedwa. Pali agalu amene amakonda wowalanditsa ndi mtima wonse. Palinso amene amadya chakudya chake zaka zambiri osamyang'ana m'maso. Ntchito yabwino siyezedwa ndi kugwedeza kwa mchira.

Nanga ana a anthu?

Padzakhala wina wonena kuti: "Ana amasiye akugona ndi njala, odwala akusowa mankhwala, kodi mkristu ataye nthawi ndi galu?" Mawuwa ali ndi choona chake. Katekisimu yemwe uja amadzudzula kumwazira pa nyama chuma chimene chikadayamba chathandiza anthu ovutika, ndiponso kupatsa nyama chikondi choyenera anthu okha. Banja lomana ana ake kuti galu anenepe lasokoneza dongosolo la chikondi. Za madola aja a ku Virginia, kukumbukike kuti sadachotsedwe m'kamwa mwa osauka; kudali kubweza kwa wolakwa, kumene lamulo lachisanu ndi chiwiri limafuna kwa aliyense woononga. Ndipo zimene galu wa pamudzi amafuna n'zochepa: nsima ya madeya, madzi, mthunzi, katemera, ndi dzanja losamenya.

Koma amene ayesa kuti chifundo pa nyama chimachepetsa chifundo pa anthu, mbiri ikumtsutsa. Pamene bungwe loteteza nyama la ku England lidakhazikitsidwa mu London mu 1824, pakati pa oyambitsa padali William Wilberforce, yemwe uja adathera moyo wake kulimbana ndi malonda a akapolo. Ku New York, chakumapeto kwa 1873, mayi wina woyendera osauka, Etta Wheeler, adapeza kamtsikana ka zaka pafupifupi 10, Mary Ellen Wilson, kotsekeredwa m'nyumba ndi kukwapulidwa ndi mayi wokalera. Atasowa womthandiza, adakadandaula kwa Henry Bergh, amene mu 1866 adayambitsa bungwe loteteza nyama lomwe lija lidadzayesa agalu a Vick patapita zaka zambiri. Bergh ndi loya wake Elbridge Gerry adatengera nkhaniyo kubwalo. Mwanayo adachotsedwa m'nyumbamo, naleredwa ndi abale a Etta Wheeler, nakhala moyo kufikira 1956. Pa mlandu umenewu padabadwa bungwe la mumzindamo loteteza ana ku nkhanza. Mwana si galu, ndipo awiriwa salinganizika. Koma munthu amene adaphunzira kusanyalanyaza ululu wa chiweto ndiye adavomera kuimira mwanayo, pamene ena ankati za m'nyumba ya eni n'za eni.

Phunziro lake kwa aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati ndi ili: pakhomo pamene galu akulira ndi ndodo tsiku ndi tsiku, afunse mwanzeru za moyo wa mayi ndi ana a pakhomopo. Si nthawi zonse, koma kawirikawiri dzanja limakhala lomwelo. Ndipo mwana wokula akuona bambo wake akuzunza chiweto amaphunzira katekisimu wina, wolowa msanga kuposa wa Lamulungu, wakuti wamphamvu achite chimene afuna pa wofooka.

Wankhanza akalapa

Latsala funso limodzi. Mwini wakale akabwera nati walapa, kodi galu abwezedwe? Vick adatuluka m'ndende mu 2009, nayenda m'malo osiyanasiyana kuchenjeza achinyamata za kuipa kwa kumenyanitsa agalu. Anthu ena adamkhulupirira, ena ayi. Za mtima wake adziwa ndi Mulungu. Koma agalu aja sadabwezedwe kwa iye, ndipo kwa zaka 3 lamulo lidamletsa kuweta galu aliyense. Zimenezi sizitsutsana ndi chikhululukiro. Munthu wolapa akhululukidwe, alandiridwe pakati pa anzake, asatchulidwenso ndi tchimo lake. Koma kukhululukira wolakwa sikutanthauza kumbwezera m'manja wolakwiridwa amene satha kudziteteza. Galu sadziwa kulapa. Adziwa fungo ndi mawu a munthu amene ankam'menya. Wolapa moona adzazindikira zimenezi, ndipo chizindikiro choyamba cha kulapa kwake chidzakhala kulola kuti chiwetocho chikhale kumene chapeza mtendere, ngakhalenso kuthandizako pa chakudya chake.

Yankho la funso la pamutu lili motere. Galu wolanditsidwa ayesedwe payekha ndi anthu odziwa. Woopsa ndithu asungidwe kosaopsa anthu, ndipo kukasowa kotero aphedwe mosazunzidwa. Otsala onse, ndiwo ambiri, afunidwe khomo la munthu wodekha amene wayamba wawerengera mtengo wake. Wotsiriza mwa agalu 47 aja, Frodo, amene adali kagalu kamantha kwambiri pomlanditsa, adafa mu Disembala 2021 ali ndi zaka pafupifupi 15, m'manja mwa banja limene lidamlera, patapita zaka 14 chipulumukire imfa imene ambiri adamfunira.

Pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, m'maparishi ambiri a dziko lapansi ansembe amadalitsa ziweto. Mphunzitsi wofuna kukonzekeretsa akristu ake za tsiku limenelo angayambe ndi kuwafunsa zapafupi: ngati galu wa pakhomo pawo wamwa madzi lero, ndi kumene amathamangira akamva mapazi a mbuye wake.